Mawaya Pachifuwa cha Bambo (Gawo 3)

M'gawo lapita: bambo atagwa ndi njinga yawo ya kabaza pamtsetse wotsikira ku Domasi, tinapita nawo ku chipatala chachikulu cha Zomba, koma makina ojambula kagundidwe ka mtima sanaonetse vuto. Achimwene ali ku Joni atumiza ndalama kuti tikaonane ndi dokotala wa mtima ku Blantyre.

"Vulani malaya, bambo," anatero mnyamata wa m'chipinda choyezera mtima, akung'amba kapepala ka lezala latsopano.

Bambo anandiponyera diso. Ine ndinamva, n'kuyamba kulowera kukhomo.

"Ayi achemwali, musatuluke. Inu ndiye muonetsetse. Kamodzi kakamatuka usiku kumudziko, wokamatanso ndinu."

Ndinabwerera. Chibadwire sindinaonepo bambo akuchita manyazi chotero. Munthu amene wapalasa njinga zaka zonsezi, kunyamula amayi apakati, matumba a mpunga ndi ana asukulu pakati pa Malemia, Domasi ndi Songani, anakhala pabedi manja ali pamaondo, maso ali pansi, mnyamata wa msinkhu wa mwana wawo akuwameta cheya cha pachifuwa. Anameta malo asanu, napukuta ndi thonje la sipiriti mpaka khungu linachita mbuu. Kenaka anatenga tizomata tozungulira, kalikonse kali ndi kachitsulo pakati. Tiwiri anamata m'munsi mwa mafupa a pakhosi, kamodzi pakati pa chifuwa, tiwiri kunthiti. Pa kachitsulo kalikonse anadinikizapo waya wa mtundu wakewake, wofiira, woyera, wakuda, wobiriwira ndi wa khofi, ndipo aliyense polowa ankalira kuti tha. Mawaya onsewo anakakumana m'kamakina kokwana m'chikhatho, komwe anakaika m'kathumba ka chingwe n'kuwakoleka m'khosi. Pakona pake panayamba kuphethira kanyali kobiriwira.

"Sikandigwira shoko kameneka?" anafunsa bambo.

"Sikalowetsa magetsi m'thupi. Magetsi ali kale mumtima mwanumo, ochepa zedi, ndipo ndi amene amauuza kuti ugunde. Ntchito ya kamakinaka ndi kumvetsera magetsi amenewo ndi kulemba, basi. Timakatcha Holter, dzina la amene anakapanga, Norman Holter wa ku Montana ku America. Makina ake oyamba, kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ankaberekedwa kumsana ndipo ankalemera makilogalamu 38."

"Ndiye kuti thumba la chimanga losadzaza," anatero bambo, ndipo aka kanali koyamba kumwetulira chichokereni kunyumba m'bandakucha.

Adokotala anali atationa kale m'mawawo. Anali mayi wamagalasi, wosathamanga polankhula. Anatambasula pepala la ku Zomba lija patebulo, nalozera timizere tokwera ndi kutsika.

"Pepalali silinaname," anatero. "Linajambula mtima kwa masekondi 10 okha, ndipo pa masekondi amenewo mtima wanu unkagunda bwino. Koma mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku. Ngati umasokonekera kamodzi masana, kamodzi usiku, mwayi woupeza ukusokonekera muli gone pabedi lathu ndi wochepa. N'chifukwa chake tikufuna mupite nako kwanu kamakinaka, kakhale pathupi maola 48."

Anafotokoza kuti munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi. Ena mtima umawathamangira mwadzidzidzi mpaka magazi osafika bwino kumutu. Ena zipinda zam'mwamba za mtima zimangonjenjemera m'malo mogunda, magazi n'kumaundana m'kati, ndipo ntchintchi ya magazi oundanawo ikapita ku ubongo munthu amafa ziwalo. Anati vuto limeneli limachulukitsa pafupifupi kasanu chiopsezo cha sitiroko. Ndiye palinso ena amene uthenga wa magetsi uja umaduka panjira, mtima n'kumagunda mochedwa kwambiri, mwinanso kuima masekondi angapo. Oterewa amangogwa osachenjezedwa, nkhope itayera, kenaka n'kudzuka ngati palibe chachitika.

Atanena zomalizazi ndinayang'ana bambo. Iwo anayang'ana kuzenera.

"Bwanji osangondipatsa mapiritsi ndizipita, adokotala? Kumunda kukudikira."

"Chifukwa piritsi lochepetsa liwiro la mtima wothamanga, tikapatsa munthu amene mtima wake umaima, tamuvulaza. Uyo amafunika kamakina kena koika pansi pa khungu, kothandiza mtima kugunda. Sindingalote. Ndiyenera kuona."

Anawafunsanso ngati ali mwana ankadwaladwala zilonda zapakhosi n'kumatupa m'maondo ndi m'zigongono, ndiponso ngati kubanja kwawo alipo anamwalira mwadzidzidzi. Bambo anayankha kuti ayi, mwachangu, mafunso asanathe n'komwe.

Malamulo anali ochepa, ndipo mnyamata uja anawabwereza kawiri. Osasamba thupi lonse, kungopukuta ndi kansalu. Osachotsa ngakhale pogona. Foni isakhale m'thumba la pachifuwa. Azigwira ntchito za masiku onse, kulima, kuyenda, kudya, chifukwa akangogona tsiku lonse kamakinako sikapeza kanthu. Koma njinga ayi. Munthu amene amakomoka asakwere njinga, makamaka atanyamula wina. Akamva chizungulire, befu kapena mtima kudumpha, adinize batani la pakati, ndipo ine ndilembe papepala nthawi yake ndi zomwe amachita. Anandigwira zala ziwiri n'kuziika pakhosi pa bambo, pambali pa kholingo, kuti ndiphunzire kuwerenga kugunda kwa mtima mphindi yathunthu.

"Chimodzi musaiwale," anatero potiperekeza pakhomo. "Kamakinaka sikachiza, ndipo sikatiimbira foni. Akakomoka, kapena akamva kupweteka pachifuwa, musati poti avala makina ndiye zili bwino. Thamangirani nawo kuchipatala chapafupi. Apo ayi, tionane Lachinayi 10 koloko."

Anandipatsa pepala lolembapo, tizomata tinayi tapadera, pulasitala, ndi kalata ya chidindo yofotokoza chimene bambo avala. Kalatayo ndinaipinda n'kuiika m'kabuku kawo ka kuchipatala.

Ulendo wobwerera unali wa thukuta. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo kondakitala wa minibasi ku Limbe anatithinitsa anayianayi pampando. Bambo anamanga mabatani mpaka la pakhosi, navalanso jekete pamwamba, manja atapingasa pachifuwa. Pa Namadzi thukuta linali litatsika kale m'masaya. Pa Thondwe mayi wina anawafunsa ngati akumva malungo. Titasintha galimoto ku Zomba n'kudutsa Chinamwali ndi Songani, ndinawanong'oneza kuti avule jekete, thukuta lingamatule tizomata. Anapukusa mutu. Titatsika ku Domasi tinakwera wapansi kulowera kumudzi, phiri la Malosa lili kudzanja lamanja, la Zomba kumanzere, anzawo a kabaza akuwakuwira kuti akwere ulere. Onse anawakana ndi dzanja.

Amayi anatilandira pakhonde, koma malonje anakachitikira m'nyumba chitseko chili chotseka. Bambo atamasula malaya, amayi anagwira pakamwa. Anayang'ana mawaya, nayang'ana kanyali kaja, kenaka anapita kukakoka nsalu ya pazenera.

"Munthu asaone," anatero. "Mwamva, bambo a mwana? Munthu asaone ngakhale mmodzi."

"Amayi, ndi za kuchipatala izi. Kalata ili apa."

"Kalata amawerenga ndani anthu atakwiya? Iwe unali kusukulu 2017. Ife tinkagona panja ndi malikhweru m'manja."

Sindinali mwana kwambiri chaka chimenecho moti n'kuiwala. Mphekesera ya anamapopa inayambira ku Mulanje mu Seputembala, n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anthu anaphedwa. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Azachipatala ankaopa kuyenda ndi chipangizo chomverera pachifuwa chija, poti ena ankati n'chopopera magazi. Ku Blantyre anatentha mnyamata wodwala khunyu. Amayi anatchula mnyamata ameneyu, mawu awo akunjenjemera, ndipo ndinadziwa chimene chinali m'mutu mwawo: nayenso anali munthu wongogwa.

Ine maganizo anga anali ena, ndipo mpaka lero sanasinthe. Chinthu chachilendo m'mudzi chimafunika kuchionetsa masana, pamaso pa amfumu, mwini wake akufotokoza yekha. Chikaoneka usiku mwangozi, aliyense amachipatsa dzina lake. Ndinapempha kuti tipite kwa amfumu madzulo omwewo, tiitanenso alangizi a zaumoyo amene anthu amawadziwa ndi kuwakhulupirira, bambo avule malaya pabwalo nkhani ithe.

"Ndikavule malaya pabwalo, ine?" anatero bambo. "Mawa lake ndani adzakwere njinga ya munthu wa mtima wowola? Masiku awiri okha, mwanawe. Lachinayi tikabweza, palibe adzadziwe."

Amayi anavomereza ndi mutu. Awiri anandiposa.

Tinadya nsima ya matemba a ku Chilwa, ine ndikulemba: 7 koloko, kudya. 8 koloko, kukhala pakhonde. Itangopitirira 8 ndinaona dzanja la bambo likulowa m'jekete mwakachetechete. Amayi anali kukhitchini.

"Mwadiniza?"

Anakhala chete kanthawi. "Lemba. Mdima m'maso. Pang'ono pokha."

Ndinawaika zala pakhosi monga anandiphunzitsira. Ndinawerenga mphindi yonse ndikuyang'ana wotchi ya pafoni, ndipo ndinapeza 41. Ndinabwerezanso. 43. Ndinalemba manambala onse awiri m'mphepete mwa pepala, dzanja likundilemera.

"Amayi ako usawauze," anatero. Kenaka, maso ali kumdima wa kuphiri, anayamba kulankhula zimene anakana pamaso pa adokotala. Kugwa kwa pamtsetse kuja sikunali koyamba. Anagwapo kumunda nthawi yokolola, nadzuka nkhope ili m'mapesi. Anagwapo kubafa. Tsiku lina atanyamula mphunzitsi wa ku koleji ya Domasi, anaona mdima ukubwera, naima msanga n'kunamizira kuti tcheni chavuka. Ndipo agogo aamuna, amene tonse tinakula tikumva kuti anawalodza chifukwa cha malire a munda, anangogwa ndi khasu m'manja m'mawa wina, asanadwalepo n'tsiku limodzi lomwe.

"Bwanji simunawauze adokotala?"

"Unali pomwepo iwe. Bambo sanena zoterezi mwana wake wamkazi akumva."

"Nanga pano?"

"Pano kamakinaka kakulemba kale. Ndikabisa ine, kakanena ndi iko."

Ndinatembenuza pepala n'kulemba kuseri zonse zimene ananena, kuti Lachinayi zikafike kwa adokotala.

Cha m'ma 11 usiku kunamveka kugogoda kwamphamvu. "Odi! Odi achimwene! Tithandizeni!"

Anali mnyamata wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu, amene anakwatira chaka chapitacho. Kumbuyo kwake kunali mkazi wake, mwana ali kumsana. Mwanayo anatentha thupi kuyambira Loweruka, ndipo tsopano anali atalefuka, akupuma mwabefu. M'mudzi mwathu aliyense amadziwa kuti matenda akavuta usiku, khomo logogoda ndi la bambo. Sanakanepo munthu, ngakhale wopanda ndalama, ngakhale mvula ikugwa.

Bambo anatsegula chitseko theka, atadzifunditsa malaya osamanga bwino mabatani. Ine ndinali kumbuyo kwawo ndi tochi. Ndinaona msana wawo ukuuma.

"Sindingathe lero, mwana wanga."

"Achimwene, mwanayu akutisiya!"

"Tenga njingayo. Upalase wekha. Mabuleki ndi abwino, nyali ikuyaka. Thamanga."

Mnyamatayo anawayang'ana ngati sanamve. Ndiyeno maso ake anatsika kuchoka pankhope ya bambo, naima pachifuwa. Pakati pa mabatani awiri, kanyali kaja kanaphethira. Kanaphethiranso. Waya wofiira unali utatulukira pang'ono m'mphepete mwa kolala.

"Bambo akudwala mtima," ndinatero msanga. "Ndi makina a kuchipatala. Adokotala awaletsa..."

Amayi anandikoka chitenje kumbuyo. Mnyamatayo sanayankhe. Anatulutsa njinga, nakweza mkazi wake, ndipo kanyali ka njinga kanatsika mtsetse mpaka kuzimiririka. Bambo anakhala pansi pomwepo pakhomo. Ndinamva batani likulira kuti tha. Ndinalemba: 11:20, mtima kudumpha, thukuta lozizira.

Lachitatu m'mawa anapita kumunda monga analamulira adokotala, ine ndikuwatsatira ndi pepala. Anaunda mizere isanu ndi umodzi, napuma, naundanso. Thukuta linamatula kazomata ka kunthiti yakumanzere, ndipo tinabisala kuseri kwa mtengo wa mango kuti ndipukute khungu, ndimate katsopano ndi kulimbitsa ndi pulasitala. Tili pomwepo tinamva kulira kukuchokera kumudzi. Bambo anatsamira mtengo, natseka maso.

Mwana anamwalira m'bandakucha. Kuchipatala anati anali malungo, ndipo magazi anali atamuthera.

Mawu amenewa, akuti magazi anamuthera, ndi oona. Tizilombo ta malungo timalowa m'maselo ofiira a magazi n'kuwaswa, ndipo mwana wamng'ono akatentha thupi masiku anayi osalandira mankhwala, zikhatho ndi m'zikope mwake mumayera. Namwino aliyense amadziwa zimenezi. Koma mayi amene wanyamula mwana wake wozizira kumsana samva za maselo. Amamva kuti magazi a mwana wake kulibe, ndipo amafunsa kuti apita kuti. Anthu akwathu sindiwaseka pa zimenezi. Ambiri anatengedwapo magazi kuchipatala popanda wowauza chifukwa chake kapena zotsatira zake, ndipo funso limene silinayankhidwe masana limakapeza yankho lake kumjigo.

Kumjigoko n'kumene ndinazimvera. Nditafika ndi ndowa, amayi amene ankalankhula onse pamodzi anangoti zii. Mmodzi anasuntha ndowa yake kuti isagundane ndi yanga. Pobwerera, kamtsikana ka kwa azakhali kanandithamangira.

"Achemwali, akuti bambo anu ali ndi foni ya m'thupi yoyaka moto wobiriwira. Akuti anapita nayo ku Blantyre kukatenga. Akuti ndalama za ku Joni zija..."

Sindinadikire kuti amalize. Ndinatula ndowa pakhonde, ndinatenga kalata ija m'kabuku, n'kulunjika kwa amfumu osapempha chilolezo kwa aliyense. Ndinapeza akazi awo akupeta mpunga. Amfumu anali atapita kumanda ndi adzukulu kukaloza malo, kuchoka uko akapitirira ku boma, abwera mochedwa. Alangizi a zaumoyo anali ku sikelo ya ana mudzi wina kutsidya kwa mtsinje wa Domasi, ndipo foni yawo sinkapezeka. Ndinasiya uthenga konse kuwiri. Kalatayo ndinaimanga pamfundo ya chitenje.

Madzulo m'nyumba mwathu munali mkangano wa manong'onong'o. Amayi ankati bambo asapite kusiwa, anene kuti adwala.

"Mawa m'mawa ndili ku Blantyre, Naphiri. Kumanda sindikakhalako. Ndikapanda kuoneka usiku uno, ndiye kuti ndavomera zonse akunenazo. Mwana uja ndinamukana ine pakhomo pano. Ndilephere n'kukakhuza komwe?"

"Ndiye vulani chinthucho, mukavalenso pobwera."

Apa ndinalowererapo. Ndinawauza kuti maola amene kamakinako kachotsedwe ndi maola otayika, ndipo mwina ndi omwewo amene mtima uchite chimene adokotala akufuna kuona. Ndalama za achimwene sizibweranso kawiri. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Sindivula," anatero. "Bweretsa pulasitala."

Anadula kachidutswa n'kumata pa kanyali kaja. Anavala malaya, juzi, ndi jekete la kutchalitchi pamwamba. Ndinalemba: 8:30, kupita kumaliro. Pepala ndi cholembera ndinatenga.

Pasiwa panali anthu ambiri. Amayi a Mvano anali m'nyumba ndi anamfedwa akuimba nyimbo za maliro, ena tinakhala pamikeka kukhonde ndi kuseri kwa khitchini. Abambo anazungulira moto pabwalo, Akhristu ndi Asilamu pamodzi monga timachitira kwathu, shehe wa pamzikiti wathu atakhala pampando pafupi ndi akulu a mpingo. Bambo anapereka chipepeso kwa wolemba, nagwada pamaso pa ambuye ake a mwana, kenaka anakakhala pa benchi. Amene anali pa benchipo anadzuka mmodzimmodzi ngati akukawonjezera nkhuni, osabwereranso. Shehe yekha anakoka mpando wake n'kuwayandikira, nayamba kucheza nawo za mvula.

Ndinasankha malo oti ndiziwaona. Kumbali ya nkhokwe, kunja kwa kuwala kwa moto, kunaima anyamata asanu kapena asanu ndi mmodzi. Ena sanali a m'mudzi mwathu. Fungo la kachasu linkafika mpaka pamkeka pathu. Pakati pawo panali bambo wa mwana uja, maso ali psuu, osalira, osalankhula, akungoyang'ana pachifuwa pa bambo.

Usiku wa Okutobala ndi wotentha ngakhale popanda moto. Munthu wovala juzi ndi jekete pafupi ndi moto amaoneka. Thukuta linkatsika pachipumi pa bambo, ndipo kawiri konse ndinaona dzanja lawo likulowa m'jekete. Ndinalemba pabondo, mumdima: 10:05. 10:40. Nthawi zinkayandikana. Ndinaganiza zodzuka kuti ndikawanong'oneze tizipita kuchipatala usiku womwewo, koma mkazi sadutsa pabwalo la abambo pamaliro popanda chifukwa chomveka, ndipo maso onse akanatembenukira komwe sitinkafuna.

Nyimbo itatha m'nyumba, panali kachetechete wa kanthawi. M'kachetechete ameneyo mawu anachokera kunkhokwe.

"Madala avule jekete."

Palibe anayankha. Mkulu wa mpingo anatsokomola, nayambitsa nyimbo ina, koma anaimba yekha.

"Tati avule jekete! Kukutentha chonchi abisa chiyani?"

"Ana inu, pano ndi pamaliro," anatero shehe, ataimirira. "Amfumu akubwera. Nkhani iliyonse idikire amfumu."

"Amfumu adzapeza tatha tonse!"

Anyamata aja anayamba kusendera m'kuwala. Wina anali ndi chibonga, wina anazula chikuni pamoto. Amayi anandigwira mkono, zikhadabo zawo zikundilowa m'khungu. Ine ndinali ndikumasula mfundo ya chitenje, koma ndinaimanga kolimba masana aja, ndipo zala zinkaterera.

Bambo anaimirira okha. Anakweza dzanja, ndipo poti ndi munthu amene ananyamulapo pafupifupi aliyense wa iwo, kapena mayi wake, kapena mkazi wake, phokoso linatsika. Anavula jekete, naipinda, naiika pa benchi. Anavula juzi. Anayamba kumasula mabatani kuchokera pakhosi, limodzilimodzi, osathamanga. Malaya atatseguka, moto unawalitsa mawaya asanu ndi tizomata toyera pachifuwa chometedwa. Pulasitala ija inali itamatuka ndi thukuta. Kanyali kanaphethira pamaso pa mudzi wonse.

Amayi ena anakuwa. Ana anathawira kuseri kwa nyumba.

"Ana anga," anatero bambo, mawu ali okhazikika, "ndinalakwa kukubisirani. Dzulo usiku ndinakana kunyamula mwana uyu chifukwa ndinkaopa kugwa naye panjira. Ine ndikudwala. Ichi mukuchionachi ndi cha kuchipatala, chimamvetsera..."

Anaima. Dzanja lawo linanyamuka kulunjika pa batani, koma silinafike. Nkhope inayera ngakhale m'kuwala kofiira kwa moto. Maondo anapindika, ndipo anagwa chammbali, mutu n'kuphonya pang'ono mwala wa pamoto.

Sindikumbuka kuti pabwalo ndinadutsa bwanji. Ndinangopezeka nditagwada m'fumbi, zala ziwiri zili pakhosi pawo pambali pa kholingo, kalata ili kukamwa poti mfundo ndinachita kuidula ndi mano. Shehe anatambasula manja kutchinga anthu, akukuwa kuti wina abweretse njinga yamoto. Amayi ankaitana dzina la bambo limene sindinawamvepo akulitchula pagulu.

Ndinayamba kuwerenga masekondi. Imodzi. Ziwiri. Zitatu. Pansi pa zala zanga panalibe kanthu.

Dzanja la munthu linadutsa paphewa langa n'kufumbata mawaya onse asanu pamodzi. Ndinaligwira pamkono ndi dzanja langa lamanzere, n'kukweza maso. Anali bambo wa mwana uja, ndipo kudzanja lake linalo kunali mpeni.

"Achimwene, mukadula, adokotala sadzadziwa chimene chikuwapha. Werengani kalatayi. Chonde werengani!"

Zinayi. Zisanu. Zisanu ndi chimodzi.

Mnyamatayo anayang'ana kalata, nayang'ana nkhope ya bambo. Mkono wake unkanjenjemera m'dzanja langa, koma mawaya sanawasiye. Ndiyeno kumbuyo kwa gulu, kumbali ya msewu, wina anakuwa:

"Patukani! Petulo uja wafika!"